Amabizinesi tikhale chete, kapena tiyankhulepo pa malamulo a nyengo ndi magetsi?

Mphatso
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani yoti tikanganepo. Ndaona kuti m'mabungwe ambiri a anthu amalonda, boma likangotchula lamulo lokhudza kusintha kwa nyengo kapena magetsi a dzuwa ndi mphepo, yankho limakhala lokonzeratu: tikane, akufuna atiwonjezere msonkho. Ine ndikuona mosiyana. Wabizinesi, makamaka wapakatikati ndi wamng'ono, ndi amene amayenera kuthamangira kukapempha kuti malamulowo akhalepo, akhale omveka, ndipo asamasinthe boma likasintha. Sindikunena izi ngati wokonda chilengedwe ayi. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za makampani, ndiye ndikunena zimene zimaoneka m'mabuku.

A Mbewe
Tamva achimwene. Koma inu mumawerenga ndalama za eni ake, ife timazitulutsa m'thumba. Ine ndili ndi mathiraki, ndipo thiraki imamwa dizilo, siimwa dzuwa. Lamulo lililonse la nyengo limene ndinalimvapo limakathera pa pampu, dizilo n'kukwera. Kasitomala ukamuuza kuti ndakweza chifukwa cha nyengo amangokusiya n'kupita kwa mnzako. Ndiye mukuti ndinyamuke ndekha ndikapemphe chikwapu?

Mphatso
Za dizilo tifikako a Mbewe, sindithawa. Koma tiyambe ndi ndalama zimene zikutayika kale popanda lamulo lililonse.

Mu 2011 madzi anasefukira ku Thailand n'kumiza mafakitale a kumpoto kwa Bangkok. Anamira nawo a Western Digital opanga ma hard disk, komanso ya Honda ku Ayutthaya imene inakhala miyezi ingapo osatulutsa galimoto. Mtengo wa ma hard disk unakwera pafupifupi kawiri pa dziko lonse, moti wogulitsa makompyuta amene sanapondepo phazi ku Thailand analipira nawo madziwo. Mu 2018 mtsinje wa Rhine ku Germany unaphwa mpaka sitima zonyamula katundu zinkayenda zosadzaza, kuopa kugunda pansi. Kampani ya makemikolo ya BASF, imene fakitale yake yaikulu ya ku Ludwigshafen imadalira mtsinjewo, inanena kuti inataya mayuro pafupifupi 250 miliyoni chaka chimenecho, ndipo pambuyo pake inakapangitsa sitima yapadera yotha kuyenda madzi atachepa.

Koma kwa inu a zamtengatenga yoyenera kuiganizira ndi ya ku Panama. Ngalande ija siyendera madzi a m'nyanja yamchere, imadalira madzi a mvula osungidwa m'nyanja ya Gatun, ndipo sitima imodzi ikadutsa pamapita malita pafupifupi 200 miliyoni. Chilala cha 2023 chitakula, sitima zololedwa kudutsa patsiku zinachepetsedwa kuchoka pa 36 kufika pa 24, mwinanso kucheperapo. Malo pamzere ankagulitsidwa pa okushoni, ndipo kampani ina inalipira pafupifupi madola 4 miliyoni kuti ingodutsa msanga. Ndalama imeneyo inakalowa pa mtengo wa katundu, koma palibe nyumba ya malamulo imene inaivotera.

Nabanda
Ndiwonjezerepo za kwathu ku inshuwalansi. Ife sitikangana za sayansi, timangotsegula mafailo a anthu odzadandaula n'kuwerenga. Chiwopsezo chikakula timakweza mtengo, chikakulitsitsa timangosiya kutenga. Mu Meyi 2023 State Farm, kampani yaikulu kuposa zonse pa inshuwalansi ya nyumba ku California, inasiya kulandira makasitomala atsopano a nyumba ndi a malo a bizinesi m'dera lonselo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene inatchula ndi ngozi zonga moto wolusa. Tsono taganizani: nyumba yopanda inshuwalansi banki siilandira ngati chikole. Ndiye wabizinesi amangopezeka kuti ngongole yamukanika, osadziwa kuti chamupha ndi nyengo. Bungwe la WMO, loona za nyengo pa dziko lonse, linati 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zolembedwa, ndi madigiri pafupifupi 1.55 pamwamba pa mmene dziko linalili mafakitale asanachuluke. Mgwirizano wa mayiko wa za nyengo wa ku Paris wa 2015 unkati tiyesetse tisapitirire 1.5.

A Mbewe
Mayi Nabanda, zoti nyengo yasokonekera sinditsutsa, milatho ikakokoloka amayamba kulira ndife. Chimene ndikunena n'chakuti siginecha yanga siigwetsa mvula. Ndikagula mathiraki atsopano osafuka utsi, ngongole ndi yanga. Mnzanga wa thiraki yakale yofuka ngati ng'anjo adzanditsitsira mtengo n'kulanda makasitomala anga onse. Mpweya wabwinowo tipuma tonse, koma wolipira ndine ndekha.

Mphatso
Mwafika penipeni pa nkhani, ndipo mwainena bwino kuposa ine. N'chifukwa chake sindinanene kuti wabizinesi achite zabwino payekha. Ndati athandizire lamulo. Mukachita nokha mumalangidwa ndi msika. Lamulo likakhudza aliyense, mnzanu uja sangakutsitsireni mtengo ndi utsi wake, chifukwa nayenso wakakamizika. Amene lamulo limamuteteza kwenikweni ndi uja amafuna kugula zatsopano koma amaopa kugwetsedwa ndi wosasamala.

Bambo Chisale
Ana inu, mundilole nanenso, poti zimenezi ndinaziona ndi maso. Ine ndakalambira pa ntchito yokonza mafiriji. Tikuyamba ntchito, gasi wathu anali R12. Ukafuna kusintha kompuresa umangodula paipi, gasi n'kuchita psiii kupita m'mwamba, palibe amene amaganiza kawiri. Asayansi atanena m'ma 1970 kuti gasi ameneyu akuboola ozoni (mpweya wa m'mwamba wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa), kampani ya DuPont, imene inali yaikulu kuposa onse pa kupanga gasiyo, inakana kwa zaka zambiri. Koma mu 1986 inatembenuka n'kuvomereza kuti pakhale malire a dziko lonse. Mu 1987 mayiko anasaina mgwirizano wa ku Montreal, ndipo mu 1988 DuPont inalengeza kuti isiya kupanga gasiyo.

Mvetsani chimene chinawakopa. Gasi wolowa m'malo anali wodula kupanga. Bola R12 wotchipa akadali pa msika, palibe akanagula watsopanoyo, ndiye panalibe chifukwa chomangira fakitale yake. Mgwirizano utaika masiku oti pofika chaka chakuti wakale achepe mwakuti, msika wa watsopano unabadwa tsiku lomwelo. Ife amisiri tinadandaula ndithu, poti tinayenera kugula mageji ena, mafuta a kompuresa ena, kuphunziranso ntchito. Anthu ankati mafiriji adula mpaka osauka asiya kugula. Lero firiji ili ndi gasi wa R600a, imadya magetsi ochepa kuposa zija tinkakonza ife, ndipo palibe mmisiri amene ndinamumva akulira R12.

Zinabwerezanso mu 2016 ku Kigali, pamene anagwirizana zochepetsa magasi ena a m'mafiriji otchedwa HFC onga R134a amene amatenthetsa dziko. Ku America amene ankakankha nyumba ya Senate kuti ivomereze anali eni mafakitale a mafiriji ndi ma AC, mpaka inavomereza mu 2022.

Kondwani
Madala, ulemu wanu, koma nkhani yanuyo ikutsimikiza zimene ine ndimakayikira. DuPont sinatembenuke chifukwa cha chifundo. Inaona kuti ili patsogolo pa gasi watsopano, ndiye lamulo linali chida chotsekera anzake kunja. Makampani akuluakulu amathandizira lamulo pokhapokha akaona kuti alilemba okha. Tisaiwale kuti asayansi a kampani ya mafuta ya Exxon ankauza mabwana awo za kutentha kwa dziko kale mu 1977, koma kuyambira 1989 mpaka 2002 kunali gulu la Global Climate Coalition, la makampani a mafuta, malasha ndi magalimoto, ntchito yake kufooketsa malamulo omwewa. Volkswagen inkatsatsa dizilo "woyera", mu 2015 n'kugwidwa itaika pulogalamu yonamiza makina oyeza utsi. Ndiye mukati amabizinesi athandizire, ine ndimangoona zikwangwani zobiriwira.

Bambo Chisale
Sindinanene kuti anali angelo, a Kondwani. Ndati anawerengera n'kuona kuti lamulo liwapindulira. Ozoni ikuchira kaya anali ndi mtima wabwino kaya ayi.

Mphatso
Kondwani, zonse wanenazo n'zoona, koma taona kumene zikutifikitsa. Akuluakuluwo m'chipinda cholembera malamulo alimo kale, ali ndi maloya ndi anthu olipidwa kuti azingokhala pakhomo la nduna. Wamng'ono akati ine za nyengo sizindikhudza, lamulo silileka kulembedwa. Limalembedwa iye kulibe. Mapeto ake wamkulu amapatsidwa zaka zokonzekera ndi kuchotseredwa msonkho, wamng'ono amalandira fomu ya masamba ambirimbiri ndi tsiku lomaliza.

Nangondo
Ine ndinene za pa denga langa. Ndili ndi zipinda zozizira zosungiramo katundu wa anthu. Chimene chimandipweteka si kuzima kwa magetsi kokha, koma kubwera kwake. Akabwera ndi mphamvu yosakhazikika kompuresa imalira mwachilendo, kenaka kafungo ka waya wopsa, basi wadziwa kuti mwezi uno wagwirira ntchito mmisiri. Ndinaika sola ndi mabatire, jenereta inapuma. Koma masana dzuwa likaswa mtengo mabatire amadzaza msanga, ndipo invetala imangochepetsa yokha mphamvu. Magetsi amene ndikanagulitsa kwa woyandikana nane wowotcherera zitsulo amangothera pa denga, iye ali pa jenereta kuseri kwa mpanda. Chotchinga si waya ayi. Ndi lamulo loti ndani amaloledwa kugulitsa magetsi, ndi mita yotha kuwerenga mbali zonse ziwiri. Lamulo la mphamvu zoyera limene ine ndikufuna ndi limeneli, ndipo mulibemo msonkho ngakhale pang'ono.

Tadala
Achemwali, zimenezo n'zimene zinachitika ku South Africa. Kwa zaka zambiri ukafuna kupanga magetsi opitirira megawati imodzi umayenera kukhala ndi laisensi, ndipo imatenga nthawi. Amigodi ndi mabungwe a amalonda anakankha mpaka mu 2021 malirewo anakwezedwa kufika pa ma megawati 100, kenaka kumayambiriro kwa 2023 anachotsedweratu. Chaka cha 2023 magetsi anazimazima masiku oposa 300, ndipo pofika kumapeto kwake sola ya pa madenga a nyumba ndi makampani inali itapitirira ma megawati 5,000. Boma silinamange zimenezo. Linangochotsa chotchinga, anthu n'kutulutsa ndalama zawo.

A Mbewe
Lamulo lotere ndingasaine ndi manja awiri. Koma a Mphatso munalonjeza za dizilo, musazembe kkkk

Mphatso
Sindizemba. Msonkho wa pa mafuta ukhoza kuikidwa moipa, ndipo chitsanzo ndi France. Mu Novembala 2018 anthu ovala majekete achikasu anatseka misewu chifukwa cha kukwera kwa msonkho wa dizilo ndi petulo, boma n'kubweza ganizolo mu Disembala. Anakwiya kwambiri ndi a kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono amene alibe sitima kapena basi, ndipo sankaona kumene ndalamazo zikupita. Koma Sweden ili ndi msonkho wa kaboni, wolipira malinga ndi utsi umene mafuta amatulutsa, kuyambira 1991, umodzi mwa yokwera kwambiri pa dziko, utsi wawo watsika, chuma chakula. Anaukweza pang'onopang'ono, natsitsa misonkho ina. Ku Switzerland gawo lalikulu la ndalama za msonkho wa kaboni pa mafuta otenthetsera nyumba limabwezedwa kwa anthu ndi makampani.

Ndiye funso la mwini mathiraki lisakhale loti msonkho ukhalepo kapena ayi, chifukwa pamenepo nthawi zambiri amaluza. Afunse kuti ukwera bwanji chaka ndi chaka, tidziwiretu. Ndalamazo zipita kuti. Ndipo wosintha thiraki yakale athandizidwa motani. Mafunso amenewa amafunsa munthu amene wakhala pa tebulo, osati amene wanyanyala.

Komanso a Mbewe, dizilo amene mukumuteteza uja si bwenzi lokhulupirika. Mu 2022 Russia italowa mu Ukraine, gasi anakwera ku Europe mpaka Yara ndi mafakitale ena a feteleza anachepetsa kwambiri ntchito, ndipo dizilo anakwera paliponse. Palibe lamulo la nyengo limene linachita zimenezo.

A Mbewe
Apo mwandigwira pang'ono. Koma nkhondo imatha, msonkho sutha.

Tadala
Kwa ife otumiza katundu kunja nkhaniyi inatipitirira kale. European Union inayamba dongosolo lotchedwa CBAM mu Okutobala 2023. Poyamba kunali kungolemba malipoti, koma kuyambira Januwale 2026 katundu wolowa akuwerengeredwa ndalama malinga ndi utsi umene unatuluka pomupanga. Zakhudza simenti, zitsulo, aluminiyamu, feteleza, magetsi ndi hydrogen. Mafakitale a kwawoko amalipira kaboni kuyambira 2005, ndiye sakufuna kugonja kwa akunja osalipira. Mfundo imene ambiri saidziwa ndi iyi: ngati wopanga analipira kale msonkho wa kaboni m'dziko lake, ndalama imeneyo imachotsedwa pa zimene alipire polowa. Kutanthauza kuti dziko lopanda lamulo lake silinapulumutse amalonda ake. Alipirabe, kungoti ndalamayo ikathera ku European Union m'malo motsala kwawo. Ndipo ngakhale iwe wosagulitsa simenti, wogula wako wamkulu akayamba kufunsidwa za utsi wa katundu wake, fomu imatsikira kwa iwe, mpaka kwa mwini thiraki amene wanyamula.

Kondwani
Ndiye mayiko amene anaipitsa mpweya kwa zaka 200 ndi amene akulipiritsa osauka pa chipata. Chilungamo chake chili pati?

Tadala
Palibe, ndipo India ndi South Africa akhala akudandaula zomwezo poyera. Koma kontena yanga ikafika pa doko safunsa za chilungamo, amafunsa mapepala.

Nabanda
Ndibwerere pa mawu a Mphatso oti malamulo asamasinthesinthe, chifukwa kwa ine mpamene pagona nkhani. Fakitale ya magetsi a dizilo kapena gasi ndi yotchipa kumanga, ndalama zambiri zimapita pa mafuta chaka ndi chaka. Ya sola ndi mphepo ndalama pafupifupi zonse umatulutsa tsiku loyamba, mafuta ake ndi aulere. Ndiye mtengo wa magetsi ake umadalira chiwongola dzanja cha ngongole, ndipo chiwongola dzanja chimadalira mantha a wobwereketsa. Akakayika kuti boma lisunga pangano kwa zaka 20, amakweza. Bungwe la IEA, loona za mphamvu pa dziko lonse, limati m'mayiko ongotukuka kumene mtengo wa ngongole zoterezi umaposa kawiri wa m'mayiko olemera. Dzuwa lomwelo, mapanelo omwewo, magetsi n'kudula chifukwa cha kusakhulupirika.

Spain inalonjeza mitengo yabwino kwa omanga sola, anthu anakongola n'kumanga, kenaka kuyambira 2010 boma linayamba kudula malipiro ngakhale a zomangidwa kale. Milandu inachuluka, ndipo kwa zaka zingapo kumanga kunaima. Australia inaika mtengo wa kaboni mu 2012 n'kuuchotsa mu 2014. America inatuluka mu mgwirizano wa ku Paris mu 2020, inabwerera mu 2021, inakhazikitsa lamulo lalikulu lothandiza mphamvu zoyera mu 2022, ndiye mu 2025 inalengeza zotulukanso n'kudula zambiri za m'lamulolo. Tayerekezani muli ndi fakitale ya mabatire yomanga theka. Andale amasintha zaka zinayi kapena zisanu zilizonse, makina amakhala zaka 30. Amene angauze zipani zonse kuti apa pokha musamagwedeze ndi amabizinesi, chifukwa ndi okhawo amene zipani zonse zimawamvera.

Kondwani
Nanga Germany? Inalipira sola mowolowa manja, mafakitale ake omwe n'kugwa. Q-Cells inagwa mu 2012, SolarWorld mu 2017, msika n'kutengedwa ndi China.

Mphatso
Zoona, opanga mapanelo a ku Germany anapsa. Lamulo lawo la mu 2000 linkatsimikizira wopanga magetsi a dzuwa mtengo wokhazikika kwa zaka 20, ndipo ogula magetsi a kumeneko analipira zambiri. Koma msika umene linatsegula ndi umene unachititsa kuti mafakitale akule mpaka mtengo ugwe. Bungwe la IRENA, loona za mphamvu zonga za dzuwa ndi mphepo, limati pakati pa 2010 ndi 2023 mtengo wopangira magetsi a dzuwa m'minda ikuluikulu unatsika ndi 90 peresenti. Mabizinesi ogula magetsi ndi ochuluka kwambiri kuposa opanga mapanelo, ndipo mayi Nangondo sakanakwanitsa denga lawo lija pa mitengo ya 2010. Kuti China ikupanga mapanelo oposa 80 peresenti a dziko lonse ndi nkhani yodetsa nkhawa ndithu, koma inafika pamenepo chifukwa boma lake linagwira ndondomeko imodzi osaisiya.

Bambo Chisale
Kungoti musamaike mtima pa chinthu chimodzi. Magetsi a madzi nawonso ndi oyera, koma mu 2024 damu la Kariba litatsika, ku Zambia anthu ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Lamulo labwino lisakanize: madzi, dzuwa, mphepo, mabatire, ndi mawaya olumikiza mayiko. Kenya imapuma bwino chifukwa ili ndi nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, imene siidikira mvula.

Nangondo
Ndipo mawayawo palibe kampani imene ingamange payokha. Apo mpofunika boma basi.

A Mbewe
Chabwino. Ku bungwe lathu la eni mathiraki ndikanena kuti tisangokana, tipite ndi zofuna zathu. Koma ndikufuna zinthu zitatu zilembedwe: ndondomeko ya zaka zosachepera 10 yoti tiziidziwiratu, msonkho wolowetsera thiraki yatsopano utsike, ndipo lamulo ligwire aliyense, kuphatikizapo magalimoto a boma amene amafuka kuposa athu. Chachitatuchi chikasowa, ine ndibwerera kokana. Mantha anga ndi oti lamulo lidzagwira ife olembetsa amene tili ndi adiresi, uja wosalembetsa n'kumadutsa pa chipata atapereka kenakake.

Nabanda
Mantha amenewo ndi oona a Mbewe, ndipo n'chifukwa china choti msonkho wa pa mafuta uzitoleredwa kumene mafuta akulowera m'dziko kapena ku depoti, osati pa msewu. Wolembetsa ndi wosalembetsa onse amamwa pa pampu imodzi.

A Mbewe
Za msonkho zatheka, nanga zoyeza utsi? Zimenezo zimachitika pa msewu.

Tadala
Zimangirizidwe ku pepala limene thiraki singayende popanda ilo, monga inshuwalansi kapena chiphaso chodutsira m'malire. Mayi Nabanda, makampani anu angavomere kukana thiraki yopanda satifiketi ya utsi?

Nabanda
Lamulo likatikakamiza tonse, inde. Kampani imodzi payokha singayerekeze, makasitomala angathawire kwa anzathu.